Dothi la Chuku Limene Ndinalitaya Kuchigwa

Monire mose, abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndikupereka moni kwa inu a kuno ku Katawa amene mumandidziwa ndi mawu anga, ndi kwa inunso a kutali amene kapepala ka mpingoka kadzakupezani. Ine ndine Yotamu Nyirenda, mkulu uja amene ndikayambitsa nyimbo kumbuyo, akutsogolo onse amatembenuka. Abusa anandipempha kuti ndilembe umboni wanga, ndipo ndikulemba ndi dzanja langa, pang'onopang'ono, chifukwa cholembera ndinayamba kuchidziwa ndili kale ndi ana atatu. Mukapeza mawu okhota, muwongole nokha. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinachotsedwa ntchito, ndinatulutsidwa m'nyumba, mkazi wanga n'kupita kwawo ndi ana. Zonsezo zinachitika chifukwa cha dothi la lole imodzi ndi pepala limodzi.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Mzuzu sanali chonchi ayi. Uko ku Luwinga kumene lero kwadzaza ana a sukulu ochita lendi, kunali tchire, madambo ndi chifunga chimene chinkakhala mpaka dzuwa litakwera. Ndiye dziko lina lakunja linapereka thandizo kuti kuno kudzalidwe mitengo. Anatsegula nazale kuseri kwa Luwinga, pafupi ndi kamtsinje, kuti tizifesa paini. Mbande zikakula ankafuna kuti zigawidwe kwa alimi a m'midzi, zina zikadzalidwe m'mapiri amene anali atayamba kuyera chifukwa cha nkhwangwa. Zinthu zonse zinali zakunja. Mbewu zinkabwera m'zitini zomata, machubu a pulasitiki owokeramo mbande m'mabokosi, mawilibala, makeni othirira, ndi lole yobiriwira imene inkamveka ikadali ku tauni.

Kapitawo wa nazale imeneyo ndinali ine. Musaganize kuti anangonditola pamsewu. Ndinali nditagwira ntchito ya bulugama zaka zambiri, ndipo panalibe munthu mu Mzuzu muno wondiposa pa kufesa ndi kuwokera. Ndikafuula pa geti, wotunga madzi kumtsinje ankamva dzina lake. M'thumba la malaya anga munkakhala zolembera ziwiri, chofiira ndi chabuluu. Koma abale, kuwerenga sindinkatha. Dzina langa lokha ndinkalijambula, monga mmene mwana amajambulira njinga. Maina a antchito onse ndinkawasunga m'mutu. Pepala likabwera kuchokera ku ofesi, ndinkaliyang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu, kenako n'kupatsa kalaliki kuti, "Tawerenga mokweza kuti anzakowa amve." Kutchalitchi ndinkatsegula buku la nyimbo ngati wina aliyense. Ndinayenda choncho zaka zonsezo, ndipo ndinkadziona ngati wochenjera chomene.

Dziko lotithandiza lija linatitumizira katswiri wa mitengo, mzungu wamtali amene tinkamutcha Chipewa, chifukwa chipewa chake sichinkachoka kumutu ngakhale pakudya. Munthu ameneyu ndimamukumbuka mpaka lero. Sankaima patali ndi manja m'thumba. Ankagwada m'matope, n'kutapa dothi, n'kulinunkhiza ngati ndi ufa watsopano. Chichewa chake chinali chothyokathyoka, ndipo pa Chitumbuka ankangodziwa "yewo chomene", kutanthauza zikomo kwambiri, mawu amene ankauza aliyense, ngakhale amene wamuponda phazi. Ankandikhulupirira. Masana tinkakhala pa wilibala yotembenuza, tikudya chimanga chootcha, iye akundiuza kuti kwawo mitengo imene anadzala agogo ake ndi imene inamuphunzitsa sukulu.

M'nyengo yozizira, titangofesa mbewu, Chipewa analandira uthenga woti bambo ake akudwala kwambiri. Tsiku lonyamuka anandiitanira pa galimoto, n'kundipatsa pepala limene wina anamulembera m'Chichewa. Anati, "Nyirenda, zonse zili pano. Muwerenge bwino." Ine ndinagunda pachifuwa, ndinati, "Pitani bwino bwana, musadandaule." Koma sabata yomweyo kalaliki uja anamutumiza ku maphunziro, ndipo pa nazale panatsala ine ndi pepala. Ndinalipinda, n'kukaliika m'Baibulo kunyumba.

Patapita masiku angapo, lole inabwera ndi dothi lochokera ku nkhalango yakale ya paini ya ku Viphya. Nditakwera kuti ndione, ndinapeza dothi lofiirira, lodzaza masamba a paini owola, ndipo mkati mwake monse munali chuku choyera ngati ulusi. Linkanunkha ngati bowa. Ine mwana wa mlimi ndinkadziwa chinthu chimodzi, kuti dothi labwino ndi lakuda. Ndinakalipira dalaivala kuti wandibweretsera zinyalala zowola, ndipo ndinalamula kuti akalitaye lonse kuchigwa cha kuseri kwa nazale. Ndinatuma anthu kukakumba dothi lakuda la kudambo, kuti tisakanize ndi manyowa a ng'ombe.

Panali mayi wina wamasiye wodzaza machubu, dzina lake NyaMoyo, wamfupi, wosalankhulalankhula. Anabwera pafupi, n'kugwada pang'ono, anati, "A kapitawo, kunkhalango kumene ndinkagwira kale, dothi limeneli tinkasakanizako m'machubu."

Ndinafuula kuti wa kumtsinje amve. "Kapitawo ndi ndani pano? Mama, inu dzazani machubu, za dothi musiyire eni ake!"

Anthu anaseka. NyaMoyo anabwerera pamalo pake.

Mbande zinamera bwino. Tinaziwokera m'machubu, ndipo masabata oyamba nazale yonse inali yobiriwira moti ndinkayenda pakati pa mizere manja kumbuyo ngati mwini dziko. Koma dzuwa litayamba kutentha, mbande zinaima. Sizinkakula, sizinkafa, zinkangoyezuka. Kenako zinasanduka zachikasu, nsonga zake n'kufiira. Ndinawonjezera madzi. Ndinawonjezera manyowa. Ndinathira phulusa. Ndinafika poganiza kuti NyaMoyo wandichita chipongwe chifukwa ndinamuchititsa manyazi, Mulungu andikhululukire. Nthawi yonseyi pepala lija linali m'Baibulo, pa shelefu, m'nyumba momwe munali mkazi wanga NyaKaunga, amene anaphunzira ku mishoni mpaka Sitandade 5. Tsiku lina akupukuta fumbi anandifunsa kuti pepalali ndi lachiyani. Ndinayankha kuti, "Ndi za ntchito, sizikukukhudzani." Anandiyang'ana, n'kulibwezera pomwe analipeza.

Mvula itatsala pang'ono kugwa, kunabwera alendo. Anali akuluakulu a boma pamodzi ndi azungu ochokera kudziko lotithandiza lija, kudzaona chimene thandizo lawo labala. Chipewa anali asanabwere. Tinasesa, tinapaka miyala laimu, amayi ovala nsalu za chipani anavina pa geti. Kenako alendo analowa m'mizere. Abale, sindinamvepo chete ngati uja. Mzungu wina anazula mbande imodzi, n'kuyang'ana mizu yake, n'kuibwezera mwaulemu ngati akuika maliro. Bwana wa ku ofesi, amene anali munthu wa mapepala osati wa mitengo, anali thukuta lokhalokha.

Alendo atangochoka, wapampando wa achinyamata a chipani ananena mokweza kuti pali munthu amene akuwononga chitukuko dala. Inu ana a lero simungamve kulemera kwa mawu amenewo. Masiku amenewo mawu otero ankanyamula munthu, osadzaonekanso. Anandiitanira ku ofesi, anandifunsa mafunso kuyambira m'mawa mpaka masana. Ndikanangonena kuti pali pepala limene sindinawerenge, mwina akanamvetsa. Koma ndinaona kuti kuli bwino anditche wowononga kusiyana ndi kunditcha mbuli. Mulungu anandibisa, achipani sananditenge. Anangondichotsa ntchito, n'kundipatsa masiku atatu kuti ndituluke m'nyumba ya nazale. Mbande zonse analamula kuti zikatayidwe kuchigwa, alendo ena asadzazione.

Ndinaperekeza NyaKaunga ndi ana ku depoti kuti apite kwawo ku Mpherembe. Katundu wathu yense anakwana pamwamba pa basi, n'kutsalanso malo. Mwana wathu wotsiriza, Tiwonge, anali ndi chifuwa, ndipo ankakana kusiya chala changa. Mkazi wanga atakhala pawindo anati, "Mukapeza pokhala, mutitumizire mawu." Sananene kuti kalata. Tsiku limenelo sindinazindikire chimenecho.

Ntchito inasowa. Paliponse pamene ndinkapita, mbiri ija inali itafika kale, ndipo anthu amene ndinkadya nawo ankaoloka msewu akandiona. Amene anandilandira anali Che Saidi, Msilamu wa ku Mangochi amene anali ndi sitolo pafupi ndi msika waukulu. Sanandifunse kanthu. Anandionetsa matumba a mchere ndi shuga oti ndizitsitsa m'malole, n'kundipatsa kachipinda kuseri kwa sitolo. Kapitawo wathunthu, kusenza mchere pamutu!

Njala sinandipweteke ngati kusowa anthu anga. M'mawa uliwonse manja ankafuna keni yothirira, koma panalibe choti ndithirire. Basi ya ku Mpherembe ikamalowa m'depoti ndinkatula thumba, n'kuima, kuyang'ana amayi onse akutsika mmodzimmodzi, ngakhale ndinkadziwa kuti sabwera popanda mawu anga. Ndikamva mwana akutsokomola mumsika, ndinkatembenuka. Ndinkakumbuka mmene NyaKaunga ankandiikira madzi ofunda pakhomo ndikamachokera ku nazale, n'kumandiseka kuti ndikulankhula ngati ndikadali kuitana anthu a kumtsinje. Mvula inagwa, nyengo yodzala inafika, ndipo ndinkaona alimi a m'midzi amene anakumba maenje akubwera kudzafunsa za mbande, n'kubwerera chimanjamanja. Kutchalitchi ndinasiya. Mawu anga aja anauma, moti Che Saidi ankachita kundifunsa kawiri kuti ndati chiyani.

Tsiku lina masana, mvula yamphamvu inandipeza kuno ku Katawa nditakasiya katundu. Ndinathawira m'tchalitchi chathu chakale chija, chaudzu. Munalibe munthu. Ndinakhala pabenchi lakumbuyo, madzi akudontha pafupi ndi phazi langa. Ine amene ndinkapemphera moti a kutsidya kwa msewu ankayankha ameni, tsiku limenelo ndinapemphera monong'ona. Ndinati, "Ambuye, chimene chinapha mitengo ija sindikuchidziwa, koma chimene ndikubisa ndikuchidziwa, ndipo Inu mukuchidziwa. Ndatopa. Ndibwezereni mkazi wanga ndi ana anga, ngakhale mundivule ukapitawo mpaka imfa." Sindinamve liwu lililonse. Mvula inakata, ndinabwerera ku matumba anga.

Patapita masiku atatu, ndikutsitsa shuga, ndinaona NyaMoyo ataima pambali pa lole, miyendo ili matope. Ndinafuna kubisala kuseri kwa thumba. Iye anangoti, "A Nyirenda, tiyeni mukaone." Che Saidi anandikodola ndi mutu kuti pitani.

Tinayenda wapansi mpaka ku Luwinga. Sitinalowe pa geti, tinazungulira kuseri, n'kutsetserekera kuchigwa. Abale anga, chimene ndinaona ndilibe nacho mawu okwanira. Mbande zimene zinagwera kumbali, pa dothi wamba, zinali zitauma. Koma zimene zinagwera pa mulu wa dothi lija ndinalitcha zinyalala, zinali biriwiri, zitatalika kufika m'bondo, nsonga zake zili njo. NyaMoyo anandiuza kuti anazipeza akutola nkhuni mvula itangoyamba, zina zitayamba kale kusintha mtundu. Kuyambira pamenepo ankabwera yekha nthawi yopuma masana, kuimika machubu, kung'amba kunsi kwake, n'kumawakwirira m'dothi lija. Anazula imodzi n'kundionetsa. Mizu yake yonse inali itavala ulusi woyera uja.

Ndinakhala pansi m'matope. Pepala lija ndinali nalo, chifukwa mkazi wanga atatenga Baibulo ndinalisunga m'kathumba ka pulasitiki pamodzi ndi khadi la chipani, limene munthu sankayenda popanda ilo. Ndinalitulutsa, ndinalipereka ndi manja awiri kwa mayi amene ndinamukalipira pamaso pa anthu. Ndinati, "Mama, ine sinditha kuwerenga."

Sanaseke. Anapukuta manja pa chitenje, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono. Mawu oyamba enieni ankanena kuti kudzabwera dothi la pansi pa paini wakale, lokhala ndi chuku choyera, ndipo tisalitaye. Ankati chuku chimenecho chimagwirana ndi mizu ya paini n'kumaidyetsa, ndipo paini sakula popanda icho ngakhale dothi likhale lakuda bwanji. Ankati tiziika fosholo imodzi m'wilibala iliyonse. Basi. Fosholo imodzi. Ndinalira ngati mwana, NyaMoyo atatembenukira kumbali kuti asandione.

Kenako anandiuza kuti Chipewa anabwera sabata yathayo, bambo ake atamwalira, ndipo kwawo amufunsa kuti anene ngati nazale ipitirire kapena thandizo lipite kwina. Anati, "Sindinamuonetse. Mukanene nokha."

Lolemba m'mawa, nthawi yoitana maina, ndinalowa pa geti ndi malaya anga a mchere. Antchito onse anali pamzere, Chipewa ali kutsogolo pamodzi ndi bwana wa ku ofesi uja. Mtima unkandiuza kuti ndimutengere pambali ndinong'one. Koma ndinakumbuka kuti NyaMoyo sindinamukalipire monong'ona. Ndiye mawu anga aja anabwerera, onse. Ndinafuula kuti wa kumtsinje amve. Ndinati, "Ine Yotamu Nyirenda sinditha kuwerenga! Pepala la bwana sindinaliwerenge! Dothi ndinalitaya ndine, ndipo mayi awa anandichenjeza ine n'kuwanyoza!" Ndinatulutsa zolembera ziwiri zija, ndinaziika pa wilibala.

Panalibe amene anaseka. Chipewa anavula chipewa chake, ndipo tsiku limenelo ndi pamene tinadziwa kuti ali ndi dazi. Tinapita naye kuchigwa, anagwada, anatapa dothi, analinunkhiza. Atadzuka anandigwira paphewa, anati, "Nyirenda, ine ndalakwanso. Chinthu chachikulu ndinasiya pa pepala. Ndinayenera kunena ndi pakamwa." Kwa NyaMoyo anati yewo chomene, ndipo ulendo umenewo mawuwo anagwera pamalo pake.

Chipewa ndi amene anakafotokoza ku ofesi kuti panalibe wowononga chitukuko, ndipo analembera kwawo kuti nazale isatsekedwe. Mbande za kuchigwa zija tinazinyamula mosamala, zinakadzalidwa paphiri lina mvula isanathe. Ukapitawo sunabwerere, ndipo sindinaupemphe. Anandipatsa ntchito yokwera lole kupita ku Viphya kukakumba dothi la chuku lomwe lija. Ndikabwera nalo, amene ankaliyang'ana n'kuvomereza anali NyaMoyo, chifukwa anamuika kukhala woyang'anira odzaza machubu. Nthawi zina ankalitembenuza dala nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Kodi si zinyalala zimenezi, a Nyirenda?" Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka. Anandipatsa chipinda chimodzi ku nyumba za antchito. Chinali chaching'ono, koma chinali ndi chitseko.

Ndinatumiza mawu kudzera kwa kondakitala wa basi ya ku Mpherembe. Loweruka lotsatira ndinaima m'depoti kuyambira m'mawa. Amayi anatsika mmodzimmodzi monga mwa masiku onse, ndipo kumapeto kwenikweni kunatsika NyaKaunga, ataonda, Tiwonge ali kumsana ngakhale anali wamkulu kale. Tikuyenda kupita ku Luwinga, katundu pamutu, ndinamuuza zonse. Ndinayembekeza kuti adabwa. Iye anangopitiriza kuyenda, kenako anati, "Ndinadziwa tsiku la ukwati wathu, mmene munkajambulira dzina m'buku la abusa. Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikudikira kuti mundipatse pepala limodzi lokha ndikuwerengereni."

Anandiphunzitsa yekha, Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, titakhala pakhonde. Buku lathu loyamba linali pepala la Chipewa lomwe lija. Ndikalakwitsa ndinkakalipa, iye n'kumadikira mpaka nditamaliza kukalipa, kenako n'kulozanso chala pa chilembo chomwecho.

Lero onsewo kulibe. Chipewa anabwerera kwawo patapita zaka zochepa, ndipo sindidziwa ngati ali moyo. NyaMoyo tinamuika. NyaKaunga anandisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo mpaka pano ndikawerenga mawu ovuta ndimatembenukira kumanzere kumene ankakhala. Pamene panali nazale pali nyumba za lendi. Mitengo ya paphiri ija anaicheka matabwa, mwina ena a inu mukugona pansi pa denga lake osadziwa. Ndikadutsa pamene amagulitsa matabwa a paini, fungo lake limandiimitsa, ndipo ndimamva ngati lole yobiriwira ija ikubwera kuchokera ku tauni. Kuchigwa kuja kunatsala mtengo umodzi umene tinauiwala pozula. Uli kuseri kwa mpanda wa munthu wina tsopano, koma mwini wake amandilola. Ndimapitako ndi ndodo yanga, ndimakanda pansi pake ndi chala, ndipo ulusi woyera uja ndimaupeza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero lonong'ona la munthu wofuula. Sananditumizire mngelo, ananditumizira mayi wamasiye wa matope m'miyendo, amene ndinamunyoza. Ndikuthokozanso anthu a kutali aja amene anatumiza mbewu zawo m'zitini kudziko limene sanalionepo, ndipo sanatitaye titalephera chaka choyamba.

Inu amene ntchito yakutherani, amene ana anu ali kwina ndipo mumayang'ana basi iliyonse, musaleke kupemphera. Limbikani, Mulungu sanakuiwaleni, ndipo mwina thandizo lanu likumera pamene inu munataya. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi ngati mkulu wanu. Ngati muli ndi pepala limene mwalipinda n'kulibisa, lipatseni munthu amene ali pambali panu akadalipo. Ine ndinachedwa zaka khumi ndi zitatu, ndipo lero ndalemba masamba onsewa ndekha, koma amene ndinkafuna kuti awawerenge poyamba kulibe.

Ambuye akusungeni nonse. Yewo chomene.